Phukusi la Mfutso Limene Ndinagwira ku Bolton

Tamanda, mbale imeneyo usaikankhe. Ndakuona. Ukuti chiyani? "I'm full"? Kukhuta kwanji kumeneko, kambatata kamodzi ndi nyemba zoti munthu angaziwerenge ndi zala? Taona mng'ono wako Chisomo, mbale yake yayera ngati yatsukidwa. Iwe tsiku lililonse ndi mlandu. Dzulo ndinakumva ukudandaulira amayi ako kuti agogo akabwera kuno ku Sheffield amakudzazira mbale ngati akunenepetsa nkhumba ya Khirisimasi. Chabwino. Lero amayi anu ali kuntchito, abambo anu apita ku Liverpool, ndiye ndikuuzani ana inu chifukwa chake. Zimitsani kaye kanemayo. Ndipo musandiuze zokhala pansi. Bondo ili ndikalipinda limauma, komanso nkhani iyi sindingathe kuikamba chikhalire. Ndiziyendayenda chomwechi, inu muzingonditsata ndi maso.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yomangosaka magalasi ali pamphuno. Koma ine a Mbewe ndinali wa kasitomu. Zaka zambirimbiri ndinaima pachipata cha dziko, koyamba ku Mwanza, kenako ku Dedza, nditavala khaki yosita ndi simbi yamakala, mpendero wa buluku wakuthwa woti n'kudulira sopo. Masiku ano akuti pali makina oona m'kati mwa chikwama chisanatsegulidwe. Ulesi! Ife tinali ndi chitsulo chachitali chosongoka chobayira matumba, chidindo, mapepala a kaboni odetsa zala, ndi mphuno. Mphuno yanga inkanunkhiza bodza munthu asanatsike m'basi. Ndinagwirapo shuga m'chubu cha tayala. Ndinagwirapo mayi wina wonenepa amene titamupempha kuti amasule nsalu za m'chiuno, imodzi, ina, inanso, anatsala wowonda ngati Chisomo. Musaseke, anali ndi ana oti adyetse, koma nthawi imeneyo zimenezo sindinkaziganiza. Ndikakweza dzanja lokha, lole inkaima.

Kenako ukalamba wa pantchito unakwana, ndinapuma. Agogo anu aakazi, NaBanda, ndi namwino, mukudziwa. Chipatala cha ku Bolton chinawaitana, nthawi ija anamwino akwathu ankabwera kuno motsatizana. Iwo anatsogola, ine ndinatsatira pambuyo ndi masutikesi. Ku Bolton kunalibe chipata chofuna a Mbewe. Ntchito imene ndinapeza ndi ya keya, m'nyumba yosamalira okalamba. Munthu woimitsa malole ndinayamba kudyetsa azungu phala ndi supuni, kuwapukuta pakamwa, kuwavala masokosi. Zinkandiwawa, sindinama. M'mawa uliwonse ndinkaima pasiteji ya basi, mvula yosatha ija ikundilowa m'khosi, mtima ukungoti ndinalakwa chiyani.

M'nyumbamo munali gogo wina dzina lake Mavis. Inde, Mavis, ngati wa ku Ndirande, koma mzungu wa tsitsi la mbuu, wamfupi, wa pakamwa pakuthwa. Anali ndi zizolowezi ziwiri. Choyamba, zala zake sizinkakhala phee, zinkangogogoda pabulangete ngati nkhuku ikujompha mapira. Chachiwiri, pachakudya chilichonse ankanyema buledi wake pakati, theka n'kudya, theka linalo n'kulikulunga m'kapepala, n'kulibisa m'dirowa. Anzanga ankachotsa buledi wovunda uja sabata iliyonse akung'ung'udza. Ine ndinkangoti ndi ukalamba.

Za zalazo ndinazizindikira ndekha, poti nanenso ndinagwirapo taipilaita. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi ndinafunsa kuti, "A Mavis, kodi mukutayipa kalata ya yani?"

Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu. "Ya nduna," anatero. "Iwe waona zimene ena onsewa sanaone. Khala pansi."

Anandiuza kuti pankhondo yaikulu ija ya Ajeremani, ali mtsikana, anachoka ku Bolton n'kupita ku London kukatayipa muunduna wina umene ambiri sankaudziwa. Nduna zake sizinkalamula asilikali. Ntchito yawo inali nkhondo ya chuma, kuonetsetsa kuti mdani asalandire kanthu: mafuta, mphira, zitsulo, tirigu. Ankatseka nyanja. Sitima yapamadzi ikanyamuka kulikonse, ankafuna kudziwa yanyamula chiyani, ikupita kwa yani, ndipo amene akulandirayo akagulitsa kwa ndani. Ankalemba mndandanda wa amalonda oletsedwa, ndipo dzina lako likalowa m'menemo palibe amene ankakugulitsa ngakhale msomali. Ndunazo zinkasinthana, wina kuchoka wina kulowa, iye nkhope zawo ankaziona mwa apo ndi apo m'khonde, koma siginecha zawo ankazidziwa ngati za abale ake.

Ana inu, ndinamva ngati ndakumana ndi mbale wanga kuchilendo. Imeneyi inali kasitomu, koma ya dziko lonse lapansi! Ndipo ndinakumbuka amayi anga, agogo a amayi anu akuchimuna, amene ankasimba kuti pankhondo imeneyo kwathu nsalu zinasowa m'masitolo mpaka anthu anabwerera ku nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo, ndipo ena ankaboola thumba pamutu n'kulivala. Mchere ankachita kutcheza phulusa. Iwo ankati ndi mkwiyo wa Mulungu. Tsopano ine ndinali kupesa tsitsi la munthu amene zala zake zinayendako m'nkhani za sitima zimenezo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkathamangira shifiti. Tiyi wa a Mavis ndinkapereka ine.

Chimene chinandikoma koposa n'chakuti nthawi zina nduna zija zinkatuma anthu kumayiko osalowerera nkhondo kukagula katundu amene Angerezi sankamufuna kwenikweni, miyala ina yolimbitsira zitsulo, ngakhale zikopa za nkhosa, n'cholinga chimodzi chokha, choti mdani akafika pamsika apeze zatha. Ndinawomba m'manja. Ndinati, "A Mavis, anthu amenewo anali ndi mitu!"  Ananyema buledi wawo n'kutsegula dirowa.

Dikirani, ndione pawindo. Ayi, si basi yathu. Thiramu imeneyo, sitima yoyenda mumsewu ija. Ndinali pati? Eya.

Nthawi imeneyo amayi anu, Thokozani, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali pasukulu yaukachenjede kuno ku Sheffield. Tsiku lina Loweruka anabwera ku Bolton ndi mnyamata wamtali wa ku Chipata, Dalitso, abambo anuwa. Ndinkaganiza kuti abwera kudzadziwitsa kuti akufunana, kuti tiyambe kutuma mawu kumudzi. Thoko anagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Ababa, tinasaina kale ku ofesi ya maukwati. Mwezi watha."

Inu obadwira kuno simungamve kulemera kwake. Kwathu ukwati suyamba ndi anthu awiri ndi cholembera. Amalume a mtsikana amadziwa, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, nkhuku zimasinthanidwa, kuti tsiku limene mudzakangane mudzakhale ndi kothawira. Awa anangotenga anzawo awiri am'kalasi kukhala mboni. Ine amene m'moyo wanga palibe thumba linadutsa osalibaya, mwana wanga yemwe anadutsa pachipata changa ndili maso. Ndinaimirira n'kuwatsegulira chitseko. Ndinati pakhomo panga adzapondanso tsiku limene adzabwere ndi ankhoswe, n'kupepesa pamaso pa mpingo wonse.

Atapita, agogo anu aakazi anati, "A Mbewe, inu mukufufuma chiyani? Mwana mwini wake ndi mlongo wanga, amalume ake. Muwaimbire foni iwowo, aweruze."

Ndinakana. Kuimbira alamu anga kukanakhala kuvomera kuti ndalephera kulera.

Tsopano mvetsani mmene tinkakhalira. Masiku ano mumangopita pashopu ya pakona n'kupeza ufa ndi therere lomwe. Zaka zimenezo kunalibe. Chakudya chakwathu chinkabwera m'sutikesi ya munthu amene wapita kumudzi kumaliro kapena kutchuthi. Munthu mmodzi ankanyamula timaphukusi ta mabanja khumi: usipa wa uyu, nsinjiro za uyo, nyemba, ufa wa mgaiwa, tsabola wa kambuzi. Ndipo popeza ine ndinali mkulu wa kagulu kathu ka mapemphero, komanso wodziwa chimene chimaloledwa pabwalo la ndege ndi chimene amalanda, aliyense ankafunsa ine popakira, ndipo akatera ku Manchester sutikesi inkatsegulidwira pabalaza panga. Ine ndiye ndinkagawa: ili la ku Liverpool, ili la ku Sheffield, ili la kuno. Popanda kundisankha aliyense, ndinali nditapezanso chipata.

Ndiye ndinadziika unduna. Sindinalengeze. Ndinkangokokera munthu pambali tikaweruka mapemphero n'kunena kuti, "Achimwene, za ku Sheffield kwa mwana uja musavutike nazo, pali nkhani ya pabanja." Amalawi ndi aulemu, ankangoti, "Tamva, abambo." M'mutu mwanga ndinkati nkhondo iyi ilibe kukuwa, ilibe kutukwana. Adzatopa ndi mbatata za azungu, adzalakalaka zakwawo, adzabwera okha atagwada.

Patapita miyezi, agogo anu aakazi, amene ankapitabe ku Sheffield akakhala pa ofu ine n'kumanamizira kusadziwa, anabwera nkhope ili yakugwa. Anati, "Mwana ndi woyembekezera. Koma zamuvuta. Chilichonse akadya chikubwerera, ngakhale madzi. Fungo la mafuta akangolimva, basi. Akungolira malambe ndi mfutso wa khwanya wa agogo ake."

Malambe mumawadziwa, zipatso zouma zowawasa zija ndinakupatsani chaka chatha n'kumachita tsinya. Mfutso ndi ndiwo zamasamba zofutsa, amaziwiritsa pang'ono n'kuziyanika padzuwa kuti zidzadyedwe m'chilimwe. Wa khwanya ndi wa masamba a nyemba, ndipo apongozi anga ku Dedza, amayi awo a agogo anu aakazi, ndiwo anali akatswiri ake. Thoko anakulira pamfutso umenewo.

Munthu wabwino akanamva chisoni. Ine, ndikuvomera pamaso panu, ndinamva kukoma. Ndinati tsopano nyanja yatsekeka, mdani ali pafupi kugonja. Mwana wanga ndinamutcha mdani mumtima, ana inu.

Ku Liverpool kunali mayi wina wakwathu amene ankagulitsa tizinthu takumudzi m'khichini mwake. Ndinadziwa kuti Dalitso akathamangira kumeneko. Ndinakumbuka zikopa za nkhosa za nduna zija. Lachinayi lina ndinakwera sitima, n'kukagula malambe onse amene mayiyo anali nawo, chikwama chodzaza, n'kumuuza kuti ndi a phwando la mpingo. Ndinakawabisa m'kashedi kuseri kwa nyumba, pansi pa mabokosi. Loweruka lake agogo anu aakazi anati, "Mwamva dyera la anthu? Dalitso wapita mpaka ku Liverpool, akuti wina wagula malambe onse. Munthu mmodzi! Akadya yekha?" Ine ndinati, "Anthu masiku ano alibe chisoni," n'kupitiriza kupukuta nsapato.

Kenako kunabwera phukusi. Namwino wina anachokera nalo kumudzi. Linali kathumba koyera kosokedwa ndi ulusi wa m'thumba la feteleza, misoko yaing'onoing'ono ya apongozi anga, ndipo pamwamba wina anawalembera ndi inki kuti THOKOZANI MBEWE. Sindinafunike chitsulo chobayira. Mphuno inandiuza kuti muli mfutso wa khwanya ndi nsinjiro. Tsiku limenelo agogo anu aakazi anali pashifiti. Ndinadziwa kuti m'nyumba alinunkhiza, ndiye ndinalinyamula m'chikwama changa n'kukalitsekera m'loka, kakabati kanga ka kuntchito. Katundu wogwidwa.

Ndipatse madzi, Chisomo. Ayi, ndimwa chiimire.

Patapita masabata angapo abambo anu anabwera okha ku Bolton, masana mvula ikugwa. Sindinawalowetse. Ananjuta pakhomo pomwepo, pasimenti yonyowa, n'kuwomba m'manja mwaulemu wake. Anati, m'Chinyanja chawo chija, "Atate, niziba tinalakwa. Ine munitukwane, municite vilivonse. Koma Thoko sakudya. Tinamvela kuti ambuya ku Dedza anakamba kuti azatuma vinthu. Nabwela cabe kufunsa ngati vinafika."

Madzi ankatsika m'tsitsi mwake n'kulowa m'maso, iye osapukuta. Ndinamuyang'ana mmene ndinkayang'anira madalaivala a malole. Ndinati, "Palibe katundu wa dzina limenelo amene wafika pano. Ankhoswe mwabwera nawo?" Anaweramitsa mutu, n'kunena kuti zikomo, n'kumapita. Anati zikomo! Mpaka lero ndikamuona akunditsegulira chitseko cha galimoto, mawu amenewo amandibaya.

Kuyambira pamenepo mtendere unandithawa. Loka ija inkanunkhira kumudzi. Ndikaitsegula kuti nditenge epuloni, fungo la khwanya linkandilandira ngati apongozi anga alimo. Chakudya sichinkandikomera. M'basi ndinkatsika siteji yolakwika. Koma m'malo moti ndizindikire, ndinkafuna wina wondiuza kuti ndikuchita bwino. Ndipo ndani angamvetse nkhondo yotereyi kuposa a Mavis?

Ndinawasimbira zonse ndikuwapatsa tiyi wa masana, monyada ndithu, mndandanda wanga, malambe a ku Liverpool, phukusi la m'loka. Ndinati, "Ndatengera nzeru za nduna zanu. Popanda chipolopolo. Sabata ziwiri zokha, agonja."

Zala zawo zinaima. Aka kanali koyamba kuziona zitaima.

"Mtsikanayo wati ali ndi pakati?" anafunsa.

"Eya."

"Tsegula dirowayo."

Ndinatsegula. Munali timapepala ta buledi, tina tobiriwira kale.

"Ukuganiza kuti ndine wamisala, eti? Nonse mumatero. Tamvera, iwe wa kasitomu. Ine ndinkatayipa mayina a sitima ndi kulemera kwa tirigu. Zala zanga zinali zachangu, ankandiyamikira. Ndinkaganiza kuti njala ndikuitumiza kwa asilikali a mdani. Nkhondo itatha ndinapita kukanema ndi mnyamata amene anadzakhala mwamuna wanga, ndipo filimu isanayambe anaonetsa nkhani za kumayiko amene mdani analanda. Ndinaona ana. Miyendo ngati ndodo, maso okhaokha. Msilikali amadya choyamba, Mbewe, ali ndi mfuti. Njala siwerenga mndandanda wako. Imayambira kwa wamng'ono kwambiri m'nyumbamo."

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati, "Koma munapambana nkhondo."

"Tinapambana. Mwina popanda ife ikanatalika, n'kufa ena ambiri. Mwinanso mdani ndiye analanda chakudya cha anawo poyamba. Ndakhala ndikuzitembenuza zimenezi moyo wanga wonse, yankho ndilibe. Ndikungodziwa kuti buledi wathunthu sanditsika. Koma ife tinkalimbana ndi chilombo chenicheni. Ndipo ngakhale nduna zija zinafika potsegula kanjira kuti sitima zina za tirigu zidutse zikafike kwa anthu anjala. Iwe chilombo chako ndi chiti? Mwana wako? Kapena kamene kali m'mimba kaja, kamene sikanasaine pepala lililonse?"

Anandibwezera kapu tiyi asanamalize. Anati, "Mawa anditumikire wina."

Mukuganiza kuti ndinathamangira ku Sheffield pomwepo? Simundidziwa. Samva m'nkhutu anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo ameneyo ndi ine agogo anu. Ndinakhala masiku ena awiri ndikukangana ndi gogo uja mumtima. Ndinkati mzungu angadziwe chiyani za ankhoswe. Ndinkatulutsa phukusi lija m'loka, n'kulibwezeramo, n'kulitulutsanso. Ndinkafuna njira yolitumizira popanda kuoneka kuti ndagonja. Tsiku lachitatu m'mawa, ndili pakati posintha mabedi, anandiitana kufoni ya muofesi. Anali agogo anu aakazi. Anati, "Thoko wagwa m'bafa. Amugoneka, ali padiripi. Ine ndanyamuka kale. Inu muchite zimene mukufuna."

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Ndinathamangira kunyumba, n'kufukula chikwama cha malambe m'shedi, phukusi m'khwapa, epuloni ya kuntchito ndisanavule. Sitima ya ku Manchester, kusintha, ina ya ku Sheffield yodutsa m'mapiri muja. Ine ndinayendapo maulendo ovuta. Ndinakankhapo basi m'matope a ku Neno, ndinapalasapo njinga yopanda mabuleki kutsetsereka phiri la Dedza nditanyamula thumba la mbatata. Koma ulendo wautali m'moyo wanga ndi umenewu, pampando wofewa. Sindinakhalepo n'komwe. Ndinkayenda kuchokera kuchitseko ichi kupita kuchitseko icho, malambe akuchita phokoso m'chikwama, azungu akundiyang'ana pamwamba pa nyuzipepala zawo. Sitima ikaima pakasiteshoni kopanda munthu, nkhosa zokhazokha, ndinkafuna kutsika ndiikankhe.

Nditalowa m'wodi, mwana wanga sindinamuzindikire msanga. Masaya atalowa, milomo itang'ambika, mimba yokha kutsogolo. Dalitso anaimirira n'kundipatsa mpando. Agogo anu aakazi anayang'ana chikwama chimene chinali chitatseguka pakamwa, malambe akuonekera. Anayang'ana ine. Zaka zonse za ukwati wathu sanandiyang'anepo choncho. Anangoti, "Ndiye munthu wadyera wa ku Liverpool uja ndi ameneyu."

Ndinaika phukusi pabedi. Thoko anasisita misoko ija ndi chala, n'kuwerenga dzina lake. Anafunsa motsitsa, "Lafika liti, ababa?"

Bodza linali pafupi, pamlomo penipeni. Ndikanati dzulo. Koma ndagwira abodza ambiri, ndikudziwa mmene amaonekera. Ndinati, "Miyezi iwiri yapitayo. Linali kwa ine."

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anakumbatira kathumba kaja, misozi ikutsikira m'makutu, n'kunena kuti, "Ine ndimaganiza kuti agogo nawonso andikana."

Ndinagwada, ana inu. Ine amene ndinkadikira kuti andigwadire pamaso pa mpingo, ndinagwada pansi m'chipatala cha azungu, epuloni ya keya ili pamimba, n'kupepesa mwana wanga ndi mkamwini wanga. Bondo ili linayamba tsiku limenelo, ngakhale adokotala amati ndi nyamakazi.

Abambo anu anapita kunyumba kukaphika mfutso uja wotendera, agogo anu aakazi akuwalangiza pafoni. Anabwera nawo m'kontena. Amayi anu anadya masupuni atatu, ndipo sanabwerere. Tonse tinangoyang'ana khosi lake. Mawa lake anadya asanu, akumamwera madzi a malambe.

Za ankhoswe zija? Mundiseke. Agogo anu aakazi anaimbira mlongo wawo. Alamu angawo anakalipa pang'ono, kenako anafunsa ngati mnyamatayo ali waulemu, n'kutuma msuweni wawo wa ku Liverpool kuti awaimire. A kwa Dalitso anatumanso wawo. Masana amodzi, muholo ya tchalitchi, nkhani inatha, nkhuku zake zogula m'shopu. Zimene ndinatsekera nyanja miyezi yonse ija zinkangofuna foni imodzi.

Koma iwe Tamanda sunadikire masiku ako. Unabadwa mwezi usanakwane, ndipo anakuika m'kabokosi kagalasi, timapaipi m'mphuno. Ndinaima pamenepo ndikukuyang'ana. Mkono wako wonse unali ngati chala changa ichi. Miyendo ngati timitengo, maso okhaokha. Ndinaona zimene a Mavis anaona kukanema kuja, koma ine ndinaziona mwa mdzukulu wanga. Adokotala anandiuza kuti matenda a kusanza aja amagwira amayi ena ngakhale m'nyumba muli chakudya chodzaza, ndipo malambe si mankhwala. Amayi ako nawo amatero mpaka lero, amati ababa iwalani. Mwina n'zoona. Koma pachipata panaima ine, ndipo phukusi linali ndi dzina.

Utatuluka m'chipatala ndinatenga chithunzi chako kukaonetsa a Mavis. Anali atandikana milungu yonseyo. Anavala magalasi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Akudya?" Ndinati akuyamwa ngati alipidwa. Anati, "Chabwino. Tiyi wanga ali kuti?" Tsiku limenelo ndinawayang'anitsitsa pachakudya, ndikuyembekeza kuti mwina buledi amaliza. Ayi ndithu. Ananyema pakati, n'kukulunga, n'kutsegula dirowa. Anamwalira chaka chotsatira, nthawi yachisanu, ndipo dirowayo ndinapempha kuti ndichotsemo ine.

A Mavis ankabisa theka lawo chifukwa ana a m'kanema aja sanawapezenso, sankadziwa ngakhale dzina la mmodzi. Ine mwayi wanga ndi wakuti wanga ali pano, wakhala patsogolo panga, akugwedeza miyendo pansi pa tebulo n'kumandiyankha Chingerezi. Ndiye ukaona dzanja langa likubweranso ndi chipande, usamati agogo samva. Ndimamva. Ndikudziwa kuti wakula, umathamanga kuposa anzako onse kusukulu, aphunzitsi ako anandiuza. Koma ine ndikayang'ana mkono wakowo ndimaonabe wa m'bokosi lagalasi uja.

Chisomo, usalire, mkulu wako ali bwinobwino, suukumuona? Bweretsa mbaleyo kuno, yazizira, ndikaitenthetse. Ayi, khalani, ndipita ndekha, ndaimirira kale.

Nayi. Sindikuti umalize yonse, Tamanda. Masupuni atatu okha, ine ndikuona. Ukatero ndikhala pansi.